Nkhope ya Yotamu

Bweretsa phazi lakolo kuno, Tiwonge, usalire ngati akudula mwendo. Ndi kabala chabe aka. Ndinakuuzani m'mawa kuti m'munda wa mpunga sayendamo ndi tinsapato ta m'tauni, koma inu ana a ku Lilongwe makutu anu anatsekedwa ndi timawaya ta foni. Vinjeru, thira madzi apa. Pang'onopang'ono, si ng'ombe ukumwetsayi. Mwaona mmene ndapindira nsaluyi? Isafinye kwambiri, komanso isakhwefuke. Kamangidwe aka anandiphunzitsa ndi mng'ono wanga Yotamu, uja chithunzi chake chili pamwamba pa kabati, amene mumamutchula kuti msilikali wa agogo. Simunandifunsepo za iye, ndipo atate anu nkhaniyi amangoimva mwapatalipatali chifukwa nthawi imeneyo anali akuyamwa. Khalani pansi ndikuuzeni. Ndiyankhula Chichewa changa chokhotachi, popeza Chitumbuka inu mumangodziwa "monire" ndi "yewo" basi.

M'nyumba mwa amama tinabadwa aamuna awiri, ine Fwasani ndi Yotamu, ndipo pakati pathu panali zaka zisanu ndi ziwiri. Adada anamwalira iye asanayambe sukulu. Amama anatilera ndi kachigawo kamodzi ka mpunga kuno ku Wovwe, komwe kaja mwapondako lero. Masiku ano mumamva timathirakitala tikulira m'minda ya mpunga ya sikimuyi, mnyamata mmodzi n'kumaliza munda dzuwa lisanafike pamutu. Ife tinkalima ndi ng'ombe, matope kulekeza m'maondo, misundu itakakamira m'miyendo. Ukamaliza kuwokera mbande, msana sunkawongoka mpaka Lamulungu. Ine ntchito imeneyo ndinkaidziwa, ndipo musaone kukalambaku, pa pulawo panalibe wondiposa kuyambira kuno mpaka ku Mlare.

Yotamu anali mlimi wa chabechabe. Mzere wake wa mbande unkakhota, ng'ombe zinkamuderera, ndipo ndinkamukalipira tsiku ndi tsiku. Koma munthu angodzicheka ndi chikwakwa pomweta mpunga, ife tonse tikuyang'ana kumbali, iye ankathamangira komweko, wang'amba kale malaya ake. Ankayenda ndi pini pakolala yochotsera minga ndi matekenya. Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi, agogo a m'mudzi muno ankamudikira pansi pa mtengo wa mango, aliyense atatambasula phazi lake. Kenako anayamba kumakhala ku kachipatala kathu, kusesa, kuchapa mabandeji, kufunsa mafunso mpaka kutopetsa anthu. Tsono ine ndinali wosiyana naye. Magazi sindinkawafuna. Ndine ndinali wamkulu, wa ndevu, wokwatira, koma nkhuku ya alendo ankandiphera ndi mng'ono wanga. Musaseke, Lusungu, nkhani yonseyi yagona pamenepo.

Yotamu atamva kuti ku boma akulemba anyamata a usilikali, anabwereka njinga n'kupita. Anabwerako atamulemba, ndipo anati akufuna kukaphunzira zachipatala za asilikali. Amama anakana. Nthawi imeneyo kunali nkhondo ku Mozambiki, ndipo tinkamva kuti asilikali athu akupita kukalondera njanji kumeneko. Amene ndinamuikira kumbuyo ndine. Ndinati, "Amama, uyu sakupita kukaombera mfuti. Wa zachipatala amakhala kumbuyo ndi chikwama cha mankhwala, palibe amene amalimbana naye." Amama anandiyang'ana n'kufunsa m'chiyankhulo chathu kuti, "Chipolopolo chili na maso?" Ndinaseka. Ndinkadziona ngati wodziwa za dziko chifukwa ndinali ndi wailesi.

Anabwera pa tchuthi kamodzi kokha, kwa sabata ziwiri. Ananenepa, nsapato zikuwala, anzake akuti ankamutcha kuti dokotala ngakhale sanali dokotala weniweni. Ntchito yake inali kumanga mabala, kuletsa magazi, ndi kunyamula wovulala mpaka akafike kwa madokotala enieniwo. Sabata ziwiri zimenezo pakhomo pano panasanduka chipatala. Amama ankamuphikira mbalagha, nthochi zija zophika ndi nyama zimene inu mumazikana kuti mukufuna tchipisi, ndipo chambiko, mkaka wowawasa uja, ankamwa yekha chikho chonse. Ndi nthawi imeneyo pamene anandikhazika pansi n'kundiphunzitsa kumanga bala pa mkono wa agogo anu aakazi, bala lake lojambula ndi khala, poti lenileni ndikanathawa. Anali asanakwatire. Ankati akabwera ulendo wina tidzapite limodzi ku Ngara kukaona mtsikana wina amene ankalemberana naye makalata.

Galimoto ya asilikali inafika mpunga utayamba kucha. Ndinali pa nsanja m'munda, ndikukoka chingwe cha zitini kuingitsa mpheta, dzuwa lili pamutu. Ndinaona fumbi kumsewu, kenako ndinamva mfuu ya amayi kumudzi. Ndinatsika pa nsanjapo osadziwa kuti ndatsika bwanji.

Tsono mvetsani mwambo wathu, chifukwa kwanu kutauni mwina mumangoona anthu akuzungulira bokosi n'kumaganiza kuti n'zongochedwetsa. Kuno munthu saikidwa m'manda abale ake asanamuone nkhope. Makamaka amene wafera kutali. Mayi ake amuone, anene yekha kuti ndi mwana wanga, pamenepo maliro ayambe kulirika bwinobwino. Pakapita masiku timameta tsitsi, ndiye kuti tavomera, munthu wapita. Popanda kuona nkhope, mtima umakhala ndi pothawira.

Bokosi la Yotamu linabwera lotseka ndi zomangira zachitsulo, atalikuta ndi mbendera. Analilowetsa m'nyumba mwa amama. Mkulu wa asilikaliwo, sajeni wina wamtali wa kum'mwera, anafunsa kuti mwamuna wamkulu wa pabanja pano ndani. Anandilowetsa m'nyumbamo n'kutseka chitseko, tinatsala awiri ndi bokosi. Anali munthu waulemu, sindinganame. Anati, "Achimwene, mng'ono wanuyu wayenda ulendo wautali, masiku angapo. Sitingatsegulire anthu onse. Koma inu ngati mkulu wake, ndimasula kumutu kuno, mumuone, mukauze amayi." Chomasulira anali atachigwira kale m'manja.

M'mutu mwanga munabwera zonse zimene tinkamva, za mabomba okwirira pansi, za anthu otoledwa zidutswazidutswa. Ndinaganiza kuti ndikaona chinthu choopsa m'menemo, ndidzachiona moyo wanga wonse. Ndinati, "Siyani, bwana." Anandifunsanso kachiwiri, "Mwatsimikiza?" Ndinati inde. Anabweza chomasuliracho m'thumba.

Nditatuluka, amama anali atakhala pamphasa pakhonde, amayi atawazungulira. Sanali kulira. Ankadikira ine. Anati, "Wamuwona?"

"Enya amama, namuwona."

"Ndiyo?"

"Ndiyo. Wali nga wagona."

Ndinanama choncho, kuti ndamuona, ndi iyeyo, ali ngati wagona. Pomwepo amama anagwa chafufumimba n'kuyamba kulira, mudzi wonse unalira nawo. Ine ndinadziuza kuti ndachita bwino. Ndinati bodza laling'ono lotere likupweteka ndani?

Tinaika maliro mawa lake. Asilikali anaomba mfuti kumanda, ana anathawira m'nthochi. Titabwerako, sajeni uja anabwera kudzatsanzika. Anavula chipewa, nagwada pamaso pa amama. Iye ankafuna kuwatonthoza, Mulungu ndi mboni. Anati, "Amayi, pepani. Mwana wanu anali munthu wolimba mtima. Ndipo mkulu wakeyu musamudandaule kuti anakana kutsegula bokosi. Mwina n'kwabwino kuti mukumbukire nkhope yake ya moyo."

Amama Chichewa sankayankhula kwenikweni, koma kumva ankamva. Anasiya kulira nthawi yomweyo. Anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, n'kutembenukira kwa ine. Sanakweze mawu. Anangoti, "Ipo tasunga njani?" Ndiye kuti, nanga taika ndani? Sajeni anazindikira kuti walakwitsa, anayesa kulumbira kuti ndi Yotamu ndithu, mapepala alipo, nambala yake ilipo. Amama anafunsa ngati iye anamuona ndi maso ake. Sajeniyo sanafune kunama ngati ine, anavomera kuti bokosi analilandira lotseka kale.

Tsiku lometa, tonse tinameta, amama anakana. Anati sangametere munthu amene palibe amene anamuona. Abusa anabwera, alongo awo anabwera, ngakhale kufukula manda ena anakutchula, koma masiku amenewo manda a msilikali ukanayamba kuwakumba ndi chilolezo cha yani? Boma silinali lofunsidwa mafunso ngati lero. Ndiye panamveka mphekesera yakuti kwinakwake anaika bokosi la msilikali, patapita chaka mwiniwake n'kutulukira wamoyo. Kaya zinachitikadi kaya ayi, sindikudziwa, koma amama anaigwira nkhani imeneyo ndi manja awiri.

Zaka zitatu, ana inu. Kumanda sanapondeko ngakhale kamodzi. Tikakolola, ankapatula thumba limodzi la mpunga wa kilombero n'kuliimika pakona, akuti la Yotamu akabwera. Linkakhala pomwepo mpaka anankafumbwe alimalize, chaka chinacho n'kuimikapo lina. Loweruka lililonse ankayenda wapansi mpaka kumsewu waukulu, kukakhala pansi pa mtengo n'kumayang'ana otsika basi. Mtsikana wa ku Ngara uja anabwera kudzapepesa, iwo anamuuza kuti adikire, asakwatiwe. Amama anaonda. Tsitsi linakula, n'kuchita imvi, osalola munthu kulikhudza.

Ine sanandikalipirepo. Bwenzi zili bwino akanandikalipira. Chimene anachita n'chakuti anasiya kukhulupirira maso anga. Ndikati ng'ombe zonse zalowa m'khola, ankadzuka kukawerenga okha. Ndikati madzi afika m'munda, ankatuma mpongozi wawo kukaona. Tsiku lina ndinati kukubwera mvula, anulani mpunga. Anatuluka panja, nayang'ana kumwamba okha, kenako n'kuyamba kuanula. Zinkandipweteka kwambiri, ndipo ndinkapsa mtima, koma ndikanakwiyira yani? Ndinkakalipira ng'ombe.

Ndinalemba makalata ku kampu ya asilikali. Anandiyankha mwaulemu, koma amama anati pepala lilibe maso. Thandizo linachokera kumene sindinkayembekeza. Pa kachipatala kathu panabwera namwino watsopano, mayi wa ku Ntcheu. Agogo anu aakazi atapita ndi mwana ku sikelo, anacheza naye za apongozi awo. Namwinoyo anati kwawo kuli bambo wina wa mwendo umodzi, wosoka nsapato pamsika, amene anali msilikali, ndipo akamwa pang'ono amalira n'kumatchula dokotala wa Chitumbuka amene anamupulumutsa. Dzina la bamboyo anati ndi Laitoni.

Titangomaliza kukolola ndinanyamuka. Ndinatenga mpunga pang'ono ndi usipa wouma, poti kwa eni sapita chimanjamanja. Inu mumabwera kuno tsiku limodzi mutakhala pa mipando yofewa, mukudandaula kuti netiweki yathawa. Basi ya nthawi imeneyo inkakwera phiri la Chiweta ikulira ngati ikufa, penapake tinkatsika amuna kuti ipepukidwe. Ndinayenda masiku awiri. Ndinali ndisanapitepo kupyola Mzuzu. Ku Ntcheu ndinafika ndi malaya amodzi a kuno kotentha, chisanu chake chinandilowa mpaka m'mafupa.

Ndinamupeza pansi pa mtengo kuseri kwa msika, ndodo zake zoyendera atazitsamiritsa pambali, akusoka nsapato ya mwana wasukulu. Ndinapereka moni, ndinati ndachokera ku Karonga. Anaika singano pansi, nandiyang'ana nthawi yaitali. Anati, "Musanene. Mphumi imeneyo ndaidziwa. Ndinu achimwene ake a dokotala." Ndinamufotokozera zonse, ngakhale bodza langa, ndipo aka kanali koyamba kuti ndilinene ndi pakamwa panga kwa munthu. Sanandiweruze. Anati iye ankafuna kubwera kalekale, koma ankadzifunsa kuti akaima bwanji pamaso pa mayi wa Yotamu, iye ali moyo. Nditamupempha kuti andiuze mmene zinachitikira, anakana. Anati, "Nkhani imeneyi ndiinena kamodzi kokha, pamaso pa amayi ake. Tiyeni."

Titatsika basi kuno, kuchokera kumsewu ndinamukweza pa ngolo. Tinapeza amama akupeta mpunga pabwalo. Ndinati ndabwera ndi mlendo amene anali ndi Yotamu. Anayala mphasa, anamupatsa madzi, anamufunsa za kwawo monga mwa ulemu, ine ndikumasulira pamene mawu avuta. Kenako anati a Yotamu ndi ambiri padziko, uyo akumunenayo anali wotani?

Laitoni anati, "Amayi, anali wamanzere. Akamamanga bala ankaimba nyimbo za tchalitchi m'chiyankhulo chanu, chapansipansi. Kachala kakang'ono ka phazi lake kanalibe chikhadabo, ankati ng'ombe ya mkulu wake inamuponda ali mwana."

Amama anaika lichero pansi.

Ndiye anafotokoza. Anati unali m'mawa, akuyenda m'mbali mwa njanji. Iye Laitoni anaponda bomba lokwirira, ndipo nthawi yomweyo mfuti zinayamba kulira kuchokera m'tchire. Anzake onse anadziponya m'ngalande. Iye anatsala pamtetete, mwendo utanyenyeka, akukuwa. Mkulu wawo analetsa aliyense kutuluka mpaka kuombera kuchepe. Yotamu anayankha kuti pofika nthawi imeneyo munthuyo akhala atatha magazi. Anakwawa ndi chikwama chake, anafika, anamanga ntchafu ndi lamba mpaka magazi analeka, n'kuyamba kumukoka. Atatsala pang'ono kufika m'ngalandemo, chipolopolo chinamupeza. Laitoni analoza pansi pa khosi lake. "Apa, amayi. Chimodzi chokha. Anagwera pachifuwa panga. Sanavutike nthawi yaitali."

Amama anafunsa m'Chichewa, okha, osadikira ine. "Nkhope unaiona?"

"Ndinaiona, amayi. Inali pafupi ndi yanga chonchi. Inalibe ngakhale kabala."

Ana inu, mawu amenewo anandilasa. Inalibe ngakhale kabala. Chimene ndinachiopa m'nyumba muja, chimene ndinazunzira nacho mayi anga zaka zitatu, kunalibe. Munali mng'ono wanga basi, ndi nkhope yake.

"Maso anamutseka ndani?"

"Ine."

"Na woko nili?" Anafunsa kuti ndi dzanja liti.

Laitoni anatambasula dzanja lamanja, lakuda ndi polishi, lokhakhala ndi ulusi wa nsapato. Amama analigwira ndi manja awo onse awiri. Analitembenuza, nayang'ana chikhatho, nayang'ana zala chimodzichimodzi. Kenako analiika pankhope pawo, n'kutseka nalo maso awo. Ndiye anatulutsa mfuu imene sindinaimvepo kwa munthu, anaitana dzina la mwana wawo, Yotamu, Yotamu, mwana wane. Anthu anathamanga kuchokera m'minda poganiza kuti kwagwa maliro atsopano. Atamva, sanabwerere. Amayi a m'mudzi anakhala pansi n'kulira nawo mpaka madzulo, ngati bokosi lafika tsiku lomwelo. Laitoni analira, dzanja lake lili m'manja mwa amama, sanalibweze.

M'mawa mwake amama anasamba, navala chitenje chakuda chimene chinakhala m'sutikesi zaka zonsezo, napita kumanda koyamba. Laitoni anawatsatira ndi ndodo zake. Amama anazula udzu ndi manja, anakhala pansi, anayankhula ndi mwana wawo zimene ife sitinamve. Atabwerako anakhala pa mpando pabwalo, navula duku. Mwambo wake mayi amametedwa ndi amayi anzake, ndipo alamu awo anali atakonzeka kale ndi lezala. Koma iwo anati, "Fwasani, zanga kuno." Ndiye kuti bwera kuno. Anandipatsa lezalalo ine.

Ndinanyowetsa tsitsi lija ndi sopo n'kuyamba kumeta. Imvi zinkagwera pamapazi anga. Nditafika pakati pa mutu ndinalephera kupirira. Ndinati, "Amama, mundigowokere." Ndiye kuti mundikhululukire.

Amama anayankhula mutu uli chowerama, ndipo ndikuuzani m'Chichewa kuti mumve bwino. Anati, "Iwe unali wamantha kuyambira uli mwana, ndipo ine ndinkadziwa. Wolakwa ndine, amene ndinakhala pakhonde n'kulola kuti alowetse iwe chifukwa ndiwe mwamuna. Ndikanalowa ndekha. Tsiku limene anabadwa ndinamuona ali magazi okhaokha, ndipo sindinamuope. Ndikanamuopa bwanji tsiku limenelo? Meta, usandicheke."

Ndinapitiriza kumeta, misozi ikugwera pamutu pawo. Nkhaniyi sanaibwerezenso mpaka imfa yawo.

Amama anapola, anakhala zaka zina zingapo, ananenepanso pang'ono. Ine ndakalamba chonchi, mano atha, koma mng'ono wanga sindinatsanzikane naye, ndipo palibenso Laitoni wina amene angandikonzere zimenezo. Tsono mvetsani, nonse atatu. Tsiku langa likadzafika, akadzati abale alowe, musadzabisale kuseri kwa nyumba, ndipo musadzatume munthu. Mudzalowe ndi miyendo yanu. Mudzapeza ndine ndemwe, agogo anu okalipa aja.